A Zimani ndi Swichi ya Tepi Yofiira

Dzina lakuti a Zimani sanapatsidwe ndi makolo awo. Linachokera kwa ana a nyumba zoyandikana nawo, amene anatopa kumva mawu omweomwewo akutuluka pawindo m'mawa ndi madzulo: "Zimani nyaleyo! Zimani wailesiyo! Ayironi ija mwazima?" Bambowa anagwira ntchito ya zamagetsi zaka makumi anayi, ndipo anaona ndi maso awo nyumba zitatu zitasanduka makala chifukwa cha ayironi yoiwalidwa pasoketi. Kuyambira pamenepo dzanja lawo lamanja linasiya kufunsa mutu. Akamatuluka m'chipinda chilichonse, kaya ndi chawo kaya ndi cha eni ake, dzanjalo linkayenda lokha pakhoma, thapu, thapu, thapu, mpaka zonse zitakhala zii. Anazimapo nyale ya kuchimbudzi muli mlendo. Anazimapo firiji ya mlamu wawo muli nyama ya mlungu wonse. Paukwati wa mphwawo anazima zokuzira mawu mkwati ali pakati polumbira, ndipo mpaka lero savomera kuti analakwa, akuti waya wake unkanunkha kupsa.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinazima chokha osawapempha, ndipo chimenechi chinkawawawa kwabasi. Anali kapamba wawo. Matenda a shuga anawapeza mwana wawo akadali ku pulayimale. Mapiritsi anagwira ntchito zaka zingapo n'kutopa, kenako kunabwera jakisoni wa insulini, m'mawa ndi madzulo. Munthu amene ankagwira waya wa moto akuimba mluzu ankaopa kasingano kochepa ngati tsitsi. Mkazi wawo ali moyo ndiye ankawabaya, iwo atalozetsa nkhope kukhoma akutukwana. Mayiwo atamwalira, zaka zinayi zapitazo, a Zimani anayamba kudzibaya okha, magalasi ali pamphuno, akuitukwana singanoyo pamodzi ndi mtundu wake wonse.

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, ndipo bambo ake ankamutcha Dokotala. Iye anayesetsa kuwauza kuti udokotala wake ndi wa kafukufuku, sapima anthu, koma zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Pamzere wa odwala shuga kuchipatala ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti mwana wawo akukonza kapamba watsopano ndipo woyamba kulandira adzakhala iwo. Telala wina wa pamzerepo anafika polembetsa dzina kuti adzakhale wachiwiri.

Tsiku lina Lachisanu masana, atawakaniza kwa zaka zitatu, Dokotala anawalola kukaona kumene amagwira ntchito. Labotaleyo inali pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, kuseri kwa chipatala. Pakhomo anawavula jekete, mmene munali magalasi awo, n'kuwaveka chovala choyera chimene manja ake analekezera m'zigongono.

"Lamulo ndi limodzi, bambo," anatero Dokotala. "Manja m'thumba."

"Ukundiyesa mwana?"

"Ndikukudziwani. Manja m'thumba."

M'katimo munkanunkha sipiriti. Munali matebulo aataliatali, mabotolo a madzi ofiirira, ndi makina osiyanasiyana, aliwonse akung'ung'udza nyimbo yawoyawo. A Zimani anawerenga masoketi oyaka khumi ndi anayi, mtima wawo n'kuyamba kupweteka. Anthu ophunzira onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo denga likugwa ndi moto.

Pakona panali bokosi lachitsulo longa firiji yaing'ono. Dokotala anavala magolovesi, anatsegula pang'ono, n'kutulutsa kambale kathyathyathya kokhala ndi timadzi tofiirira.

"Muli chiyani mmenemo? Ine ndikuona madzi okha."

"Muli maselo, bambo. Tizinthu tamoyo tating'onoting'ono timene timamanga thupi. Awa achokera m'kapamba wa munthu amene anamwalira, abale ake n'kulola kuti tiphunzirepo. Tinawadikira miyezi isanu ndi itatu."

A Zimani anafuna kuvula chipewa, koma manja anali m'ndende, choncho anangoweramitsa mutu.

"Bokosili limafunda ngati thupi la munthu, usana ndi usiku," anapitiriza Dokotala akubwezera kambale kaja. "Likangozizira usiku umodzi wokha, basi, ndiyambirenso kudikira."

"Ndiye ukuwatani maselo akowo?"

Dokotala anaganiza kaye, kenako anawalankhula m'chinenero cha ntchito yawo. "Tiyerekeze nyumba ya zipinda zambirimbiri, mmisiri wakoka mawaya ofanana m'chipinda chilichonse. Thupi lili choncho. Selo la pakhungu lili ndi waya wa insulini, la m'diso lili nawonso. Chosiyana ndi maswichi, kuti yayaka ndi iti, yazima ndi iti. Maphunziro a maswichi amenewo ndiye amati epijenetiki."

"Epi chiyani?"

"Lisiyeni dzinalo. M'kapamba muli timipope, ndipo maselo a m'timipopemo ndi abale enieni a maselo opanga insulini. Koma pokula, thupi limazima swichi yawo ya insulini n'kumatapo tepi kuti isayakenso. Ife tathira mankhwala oyesa kumatula tepiyo."

"Tepi pa swichi!" A Zimani anatsala pang'ono kutulutsa manja. "Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri waulesi. Swichi ikavuta umaisintha, sumata tepi. Ndiye yamatuka?"

"Tidziwa Lolemba. Tidzawapatsa shuga, tione ngati angatulutse insulini."

"Bwanji osangondimatula ineyo pompano? Ndabwera kale, komanso ndasamba."

Dokotala anaseka, kenako nkhope yake inabwerera m'malo. "Izi zili m'mbale, bambo, osati mwa munthu. Mwina patenga zaka khumi, mwina zikanika. Jakisoni wanu musasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndipo a telala anu aja muwauze afufute dzina lawo."

A Zimani anakhumudwa, koma sanafune kuonetsa. Anangoti zaka khumi si kanthu kwa munthu amene anadikirapo mkazi wake kuvala.

Potuluka, Dokotala anatsogola kukawatengera jekete lawo pakhonde. A Zimani anatsala okha pakhomo kwa kanthawi kochepa, kongokwana kupuma katatu. Anasunga lamulo ola lathunthu, munthu wamkulu, ndipo dzanja linali litachita dzanzi m'thumbamo. Linatuluka lokha. Thapu, nyale. Thapu, fani. Pansi pake panali swichi ina yayikulupo, ndipo pa swichiyo wina wopanda manyazi anali atamatapo tepi yofiira. Panali timalemba, koma popanda magalasi tinkaoneka ngati nyerere. A Zimani anapukusa mutu, anamatula tepiyo ndi chikhadabo, anaipinda n'kuiika m'thumba la buluku, poti mmisiri weniweni sataya zinyalala pansi. Thapu. Anakoka chitseko cholemera chija n'kutseka bwinobwino.

Ali pamasitepe, Dokotala anaima. "Tsikani, bambo, ndikupezani pansi. Ndaiwala kanthu."

"Mayi ako enieni," anadandaula a Zimani. "Nawonso tikangotseka chitseko, 'ndaiwala kanthu.' Zaka makumi atatu, tsiku lililonse kuiwala kanthu. Mitu yanu inabooka pati?"

Loweruka m'mawa anadzuka ali bwinobwino. Anatereka ketulo, anadula buledi, anavala magalasi, anakoka insulini, n'kudzibaya pamimba akutukwana monga mwa masiku onse. Pofunafuna mpango m'thumba la buluku, zala zinakumana ndi kanthu komata. Anakatulutsa, anakatambasula patebulo, ndipo popeza magalasi anali adakali pamphuno, nyerere zija zinasanduka malemba a dzanja la mwana wawo.

MUSAZIME. MASELO.

Thukuta linawatuluka mpaka m'zikhatho. Miyezi isanu ndi itatu. Munthu wakufa amene anapereka kapamba wake. Lolemba. Ndipo amene wapha zonsezi si mbala, si mphezi, koma bambo ake enieni, amene anauzidwa lamulo limodzi lokha.

Anaganiza zomuimbira foni. Foniyo inali m'dirowa, yozima, poti iwo ankaiyatsa pokhapokha akafuna kuimba. Anaigwira n'kuibwezanso. Akanayamba ndi mawu ati? Mwanayu sanawakalipirepo chibadwire, ndipo chimene ankaopa sichinali kukalipa. Ankaopa kuti adzangoti "palibe kanthu, bambo" ndi mawu aja a mayi ake, kenako sadzawaitananso kulikonse. Bola kuthamanga, akayatse mwakachetechete, mwina maselowo ndi olimba mtima ngati mwini wake. Anavula magalasi n'kuwasiya patebulo pambali pa buledi wosalumidwa, ananyamula chikwama cha zida, anazima ketulo, n'kutuluka.

Basi ya tsiku limenelo inkaima paliponse pamene pali munthu, ngakhale munthu woti akungoyanika zovala. A Zimani anakhala kumbuyo kwa dalaivala akumuuzira mpweya m'khosi. Kawiri konse dalaivalayo anafunsa kuti ndani wazima wailesi.

Pageti la nyumba yosanja ija anapeza mlonda, munthu wonenepa wa ndevu zometa bwino, akumwa tiyi m'kanyumba kake.

"Loweruka salowa alendo, achikulire," anatero mlondayo asanapatsidwe n'komwe moni.

"Sindine mlendo. Ndine wamagetsi." Anakweza chikwama kuti zida zilire.

"Kalata?"

"Magetsi akamapsa amalemba kalata?"

"Akupsa kuti? Ine sindikuona utsi."

"Ukadzauona utsiwo ndiye kuti ntchito yakutheranso iweyo. Mwana wanga amagwira ntchito pamwambapo. Dokotala."

"Pamwambapo aliyense ndi dokotala, achikulire. Ngakhale mphaka wa kuno timamutcha dokotala."

A Zimani anatsegula pakamwa kuti anene mawu oti akanawachititsa manyazi pambuyo pake, koma maso awo anagwera pakhoma la kanyumbako. Ketulo ya mlondayo inalibe pulagi. Mawaya awiri osavala anali atalowetsedwa m'soketi, atapanikizidwa ndi timitengo ta machesi. Ngakhale anali pa changu chotani, zimenezi sakanazipirira.

"Iwe, uli ndi ana?"

"Anayi."

"Ukufuna akule ndi bambo wowawuka?"

Asanayankhidwe anali atagwada kale. Anatulutsa pulagi m'chikwama, anasenda mawaya ndi mano, anamanga ndi sikuludiraiva, ndipo pasanathe mphindi zitatu ketulo inali ndi pulagi ngati ketulo ya munthu. Mlondayo anaiyang'ana mwaulemu waukulu, kenako anatsegula geti.

"Mukatsika mudzaonenso kawailesi kanga, kamangozima kokha," anafuula kumbuyo kwawo. Sanadziwe kuti kazimitsidwa ndi dzanja lomwe lija podutsa.

Masitepe anali ambiri kuposa dzulo. Pofika pakati malaya ananyowa, ndipo khoma linayamba kuyendayenda. A Zimani anati m'mtima mwawo, tchimo limalemera chonchi eti. Sanakumbuke n'komwe kuti insulini ija inali m'thupi ikufunafuna buledi amene anatsala patebulo.

Chitseko cha labotale sichinali chokiya, koma iwo sanadzifunse chifukwa chake. Mmisiri wa zaka makumi anayi pantchito akalowa m'chipinda amayamba wamvetsera, kenako amayang'ana, kenako ndiye amagwira. Tsiku limenelo a Zimani analumpha ziwiri zoyambazo. Analunjika pakhoma, anapapasa swichi yayikulu ija, n'kuidina ndi mphamvu zawo zonse.

Thapu.

Pakona paja china chake chimene chinkang'ung'udza chinasiya.

A Zimani anaima chilili, chala chili pa swichi. Makutu awo, amene anachedwa kufika, tsopano anawauza kuti bokosi lija linali likuyaka pamene ankalowa. Kenako bokosilo linayamba kulira, pii, pii, pii, ngati likuitana anthu kuti adzaone chigawenga.

Dzanja lovala golovesi linadutsa pamwamba pa phewa lawo. Thapu. Kulira kunatha, kung'ung'udza kunabwerera.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Dokotala.

A Zimani anatembenuka. Anafuna kufotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa tepi, koma lilime linkalemera. "Ndapha... dzulo ndinapha... tsopano ndaphanso kawiri."

Dokotala sanayang'ane bokosi. Anayang'ana chipumi chawo ndi manja awo. "Mwabaya jakisoni?"

"Ndabaya."

"Mwadya?"

"Ndazima ketulo."

Anawagwira pamkono, anawatulutsira pakhonde n'kuwakhazika pabenchi. Anavula magolovesi, anapisa m'kachikwama kake n'kutulutsa masiwiti atatu. "Tafunani. Osayamwa, tafunani." Anathamangira kuchipinda chomwera tiyi n'kubwera ndi kapu ya madzi a shuga ndi mabisiketi. Anakhala pambali pawo mpaka khoma linasiya kuyenda.

"Masiwitiwa umayenda nawo?" anafunsa a Zimani manyazi atayamba kubwerera, chizindikiro chakuti shuga wakwera.

"Kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. M'chikwama chilichonse."

"Ine ndimayesa umangokonda zotsekemera." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mwana wanga, dzulo ndinazima bokosi lako. Ndinamatula tepi. Sindinawerenge. Dzanja ili, ukafuna ulidule, ndili ndi pulayala m'chikwamamu."

"Ndikudziwa kuti munazima. Linazima mphindi ziwiri zokha."

"Mphindi ziwiri bwanji?"

"Si ndinakuuzani kuti ndaiwala kanthu?"

A Zimani anamuyang'ana, bisiketi ili m'mwamba.

"Bambo, kunyumba kwathu kunalibe woiwala," anatero Dokotala. "Mayi ankabwerera kukayatsa firiji. Tsiku lililonse. Mmene muja munali insulini yanu, ndipo inu munkaizima pamodzi ndi nyale. Atayamba kudwala anandiitana n'kunena kuti, 'Bambo akowa usalimbane nawo, dzanjalo silimva. Uzingoyenda pambuyo pawo.' Ndiye ndimayenda pambuyo panu."

"Nanga panopa, poti ndikukhala ndekha? Firiji ija ndimazima ndithu usiku uliwonse."

"Swichi imene mumazimayo sinalumikizidwe ku chilichonse. Ndinaitana mmisiri wina muli kuchipatala."

"Mmisiri wina! M'nyumba mwanga!" Apa ndiye a Zimani anadzuka ndithu. "Ndani ameneyo? Anaika waya wa saizi yanji?"

Koma mkwiyowo sunapite patali. Anakhalanso pansi. Zaka makumi atatu ankaseka mkazi wawo kuti mutu wake ndi wobooka, ndipo mayiwo ankangomwetulira, akupukuta manja m'chovala, n'kunena kuti tiyeni tizipita. Chisoni chinawagwira, chosakanikirana ndi manyazi, ndipo anafunitsitsa mayiwo akanakhala pabenchipo kuti awapepese ngakhale kamodzi. Anatafuna bisiketi ija nthawi yaitali kuposa mmene bisiketi imafunira.

"Bwerani muone chimene ndadzera lero," anatero Dokotala. "Manja..."

"M'thumba. Ndamva."

Anawalowetsa m'kachipinda kamdima kumapeto kwa labotale, mmene munali maikulosikopu ndi kompyuta. Anafotokoza kuti dzulo anapatula kambale kamodzi n'kukathira utoto umene umawala pokhapokha pamene pali insulini, ndipo m'mawa uno wajambula chithunzi. Anadina batani.

Poyamba a Zimani anangoona mdima wobiriwira ngati wa m'botolo. Popanda magalasi anachita kusendeza nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta. Kenako anationa. Timadontho towala, apa kamodzi, apo tiwiri, kutali uko kenanso.

"Tingati?"

"Khumi ndi kamodzi. Pa maselo masauzande."

"Tochepa."

"Tochepa kwambiri. Ndipo sitikudziwa ngati Lolemba adzamve shuga, kapena ngati akhalebe choncho mlungu wamawa. Musakauze a telala."

A Zimani anakumbukira tsiku limene anamaliza kukoka mawaya m'dera lina latsopano, ali mnyamata, ataima pamtunda madzulo n'kumaona mawindo akuyaka limodzilimodzi. Apa mwini maselowo anali atapita kale, koma m'zipinda khumi ndi chimodzi za kapamba wake wina anali atamatula tepi, ndipo nyale zinayaka. Wina wakeyo anali mwana uja ankayenda pambuyo pawo ndi masiwiti m'chikwama.

"Ntchito imeneyi unaisankha chifukwa cha ine?" anafunsa maso ali pachithunzi.

"Ndinatopa kumva mukutukwana singano," anatero Dokotala. "Tiyeni, ndikakuperekezeni mukadye zenizeni."

Anatambasula dzanja kuti azime kompyuta. Dzanja lamanja la a Zimani linatuluka m'thumba, lokha ngati kale, osafunsa mutu. Koma silinapite pakhoma. Linagwira mkono wa mwana wawo.

"Usazime," anatero. "Zisiye ziyake kaye."